Windo Lomwe Ndinatseka

"Mum, agogo aja akudikira chani pa geti?" Shannon anandifunsa choncho mu 2004, ali ndi zaka zisanu. Ndinamuuza kuti agone.

Sabata imeneyo mu wodi yathu, kuchipatala komwe ndinkagwira ntchito ya unesi, munamwalira bambo wina wokalamba. Titawasambitsa, nesi wachizungu anatsegula windo, monga amachitira kuno kwa azungu munthu akatsirizika, kuti mzimu wake utuluke. Ine ndinali mlendo, sindinkadziwa mwambowu. Ndinalitseka poti kunkazizira.

Shannon atagona, ndinatulutsa bini ya zinyalala. Pa geti panaimadi munthu wopanda jekete. Ndinaganiza kuti ndi chidakwa cha m'dera lathu la Whitmore Reans lomweli. Koma nesi ndi nesi, maso anga anathamangira pachifuwa pake kuwerenga mpweya. Miniti yathunthu inatha chifuwacho osagwedezeka. Pakamwa panga pankatuluka nthunzi, pake ayi. Ankayang'ana windo la chipinda cha Shannon.

Ndinagogoda kwa aneba, a Sellina, nesi wa chipatala china. Anasuzumira panja, kenako anandikokera mkati.

"Amake Shannon, windo lija munatseka ndinu?"

Ndinali ndisanauzeko munthu aliyense.

"Katengeni mwana podzera kuseri, agone kuno," anatero. "Mawa mukatsegule."

"Ndikatsegula. Koma inu musamugoneke pafupi ndi windo."

"Ndalonjeza, achemwali."