Pa Kompyuta ya Alamu

Mphenzi inapsereza laputopu ya Linah pomwe oyang'anira nyama ku Lukusuzi ankadikira kuti awakonzere makina awo olumikizirana. Pulogalamu yomwe ndi mtima wa makinawo, kenelo, inafunika kumangidwanso. Kompyuta yomwe akanabwereka inali ya alamu ake, a Benwell, yosindikizira zithunzi pamsika, ya mtundu wina kotheratu.

"Ikana iyi, alamu," anatero Linah, akudina mongoyesa.

Koma ntchito inayenda osaima. Atasuzumira m'pulogalamu yomangira kenelo, anapeza mawu a munthu wakutali amene anaikonzapo: "Ndakonza kuti izigwiranso ntchito pa makompyuta a mitundu ina."

Linah anagwada pomwepo, nawomba m'manja. "Yewo chomene!"

"Muthokoza ndani kansi?" anadabwa a Benwell.

"Sinimudziwa, alamu. Koma iye anadziwa kuti nizabwela."