Mtengo wa Malemu Kuseri kwa Nyumba

Curtis Halvorson anali atakumba dzenje lofika m'mawondo pamene mkazi wake anamuuza kuti lapendekeka.

"Tikudzala mtengo, Darlene. Sitikuika bokosi."

"Kumba bwino iwe. Akutchalitchi ali m'njira."

Anakumba. Dothi la ku Minnesota, ku America, linali lisanaiwale chisanu. Fosholo inkangolira.

Pakhonde panakhala ana awiri. Tarikwa, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Degefu, mlongo wake wamng'ono. Banjali linawatenga ku nyumba ya ana amasiye ku Ethiopia nyengo yozizira itangoyamba. Akuluakulu a kumeneko anati mayi wa anawo anamwalira kalekale ndi chifuwa chachikulu. Za bambo panalibe wodziwa. Mpingo wonse unakawalandira pabwalo la ndege, mabaluni m'manja, nyimbo pakamwa. Darlene analira. Tarikwa anangomupatsa dzanja mwaulemu, ngati mlendo wa mu ofesi.

Ulemu umenewo sunathe.

Degefu sanavute. Ankadya chilichonse, ankathamangitsana ndi galu, Chingerezi ankangochitola. Koma mtsikanayo! Sankatukwana. Sankaba. Bola akanaba, munthu ukanadziwa poyambira. Ankadzuka m'mamawa, kuyala bedi, kutsuka mbale, kenako mutu m'mabuku. Zovala zatsopano ankazipinda n'kuziika m'chikwama chomwe anabwera nacho. Darlene akazipachika m'kabati, mawa lake zabwerera m'chikwama. Liwu loti "Amayi" silinatulukepo pakamwa pake. Ankati "Madamu". Tsiku lina Degefu anayerekeza kunena "Amayi" patebulo. Tarikwa anamutsina mpaka mwana anasiya chakudya.

Curtis anatopa. "Tinapita kukatenga mwana, tabwerako ndi wantchito wa mu hotela," ankatero. Anali atapeza kale banja lina ku Idaho, la pafamu, lotchuka powongola ana ouma mutu. Linkafuna mtsikana yekhayo. Mnyamata atsale.

Darlene anapempha mpata umodzi wokha. Mlangizi wa mabanja anali atamuuza kuti vuto n'lodziwika: mwanayo sanalire maliro a mayi wake. Chisoni chinamuumira m'kati. Akalira, mtima utseguka. Dzalani mtengo wachikumbutso, itanani anthu, mwana atsanzike. Zikakanika lero, Curtis aimbe foni ku Idaho.

N'chifukwa chake dzenje. N'chifukwa chake kamtengo ka maapozi kotsamira mpanda.

Lero anaitananso womasulira, koyamba chibwerere anawo. M'nyumbamo chinenero cha kwawo chinali choletsedwa, ati kuti Chingerezi chilowe msanga. Koma lero linali lero. Anabwera Wubit, mayi wa ku Ethiopia komweko, amene ankagwira ntchito ndi Darlene kunyumba yosamalira okalamba. Anafika ndi yunifolomu, basi itamutsitsa patali.

Amayi akumpingo analowa ndi mbale zovindikira. Mmodzi anamuyang'ana Tarikwa kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Ndi ameneyu wosayamika uja? Koma nkhope yokha Mulungu anamupatsa."

"Chete, Lorraine, akumva."

"Amva chiyani? Akanamamva bwenzi tili pano?"

Abusa anapemphera mwachidule, mphepo inkawaluma makutu. Curtis anaimika kamtengo m'dzenje. Darlene anagwada pa udzu wonyowa, nagwiritsa mtsikanayo fosholo.

"Wubit, muuzeni. Mtengo uwu ndi wa malemu mayi ake. Muuzeni kuti pano ndi pakwawo, kulira n'kololedwa."

Wubit anayamba ndi moni. Tarikwa atamva chinenero chake, nkhope inawala. Anamwetulira. Darlene anali asanawaonepo mano amenewo. Wubit anapitiriza, akuloza mtengo. Kumwetulira kuja kunazima. Mtsikana anafunsa kanthu. Wubit anabwereza, pang'onopang'ono.

Fosholo inagwa.

Kulira komwe kunatsatira, msewu umenewo unali usanakumvepo. Kunachokera m'mimba. Tarikwa anadzigwetsa pansi, akudzimenya pachifuwa. Galu anathawira kunsi kwa khonde. Degefu anaima njo, kenako naye anayamba. Mtsikana anakwawa n'kugwira Darlene m'mapewa, zala zikulowa m'mnofu. Aka kanali koyamba kumukhudza mwa kufuna kwake.

Darlene anamukumbatira. Misozi ili mbwe, anadzutsa mutu n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Waona? Idaho yako ija kaidye wekha."

Curtis anavula chipewa. Anayang'ana nsapato zake.

"Ambuye alemekezeke," anatero Lorraine, akufufuza kansalu m'chikwama. "Chatuluka chimene chinamutsekera." Abusa anagwedeza mutu ngati ntchitoyo aigwira okha. Wina anali atatulutsa kale foni kuti ajambule, mpingo ukaone Lamulungu.

Koma mwanayo sankangolira. Ankamugwedeza Darlene, akubwereza mawu amodzimodzi. Kufunsa, kufunsanso.

"Akuti chiyani?" anafunsa Darlene, akumusisita kumsana. "Wubit, mwana wanga akuti chiyani?"

Wubit sankamwetulira. Anafunsa mtsikanayo mafunso awiri atatu. Mayankho anabwera pakati pa kusisima. Wubit anagwira pakamwa.

"Mayi Darlene, tiyeni tilowe kaye m'nyumba."

"Nenani pompano. Onsewa ndi abale, akhala akumupempherera."

Wubit anayang'ana abusa, anayang'ana foni ija, anayang'ana dzenje.

"Akufunsa kuti amwalira liti. Akuti m'mawa wa tsiku lomwe munakawatenga, mayi akewo ndi amene anamuluka tsitsi n'kuwaperekeza mpaka pageti la nyumba ya ana amasiye ija. Akuluakulu a kumeneko anawauza mayiwo kuti ana apeza sukulu ku America. Akatsekera sukulu, abwerera kwawo."