Nyanga m'Malamulo a Pachitsime

Padangokhala, chaka china mvula itavuta, nyama zinakumba chitsime, n'kukhala pansi kupanga malamulo aakulu ochiyendetsera. Zinagwirizana kuti mlonda azisankhidwa chaka ndi chaka, ndipo Fulu alembe zonse pamwala.

Pofika pa za ufulu, Njiri anati, "Lembani kuti aliyense waludzu amwe."

Mbawala wamphongo, amene ankanyansidwa ndi Njiri chifukwa chovundula madzi, anadzambatuka. "Iyayi! Mulembe kuti aliyense wanyanga."

Anyanga anali ambiri, ndiye mavoti anawakomera.

"Achimwene, pamwala sipafufutika. Ndilembedi?" anafunsa Fulu.

"Lembani, akulu!" anatero Mbawala.

Dzuwa litaswa mtengo, mkazi wa Mbawala anabwera ndi kamwana kawo. Njati, amene anali mlonda, anawayang'ana pamutu n'kutseka njira.

"Alamu, si banja langa ili?" anadandaula Mbawala.

"Ndikudziwa," anayankha Njati, "koma liwu lija munaika ndinu. Nyanga zawo zili kuti?"

Mbawala anathamangira kumwala kuja, nayamba kukanda liwulo ndi nyanga zake. Anakanda mpaka nyangazo zinapotoka, koma liwu osachoka. Potembenuka, anaona mkazi wake ndi kamwana akumwa madzi amatope m'kadzenje kamene Njiri anawakumbira.

Nthano yathera pomwepo, koma nyanga zija sizinawongoke mpaka lero.