Khutu Lamanzere

Amayi anandikokera pafupi ndi dzanja lozizira ngati mame a ku Kasina, n'kunong'ona m'khutu langa lamanzere.

Khutu limenelo linafera ku Bulawayo, m'chipatala momwe ndinkagwira ntchito ya unamwino. Linkachucha mafinya, ine n'kumangolitseka ndi thonje, kuthamangira kubuula kwa amayi a eni ake.

Ndinangomva kampweya kofunda. Pomwe ndimatembenuza mutu kuti ndipereke lamanja, Amayi anali atatisiya.

"Magadalena," anatero atsibweni anga a Gerevazio, chipewa chili m'manja. "Zaka zonsezi ankakana kutiuza, ati mpaka iwe ubwere. Akuti tikawaike kuti, kumishoni kapena kwa makolo awo ku Linthipe?"

Ndinawamva bwino lomwe. Koma ndinali nditatopa, ndipo nyumba yonse inkandiyang'ana pakamwa.

"Mwati bwanji, atsibweni?"