Purdie Anati Alibe Mwana

M'basi yopita ku Walsall, ku England, Jenifer Purdie anatsegula pa foni kalembera wa 1921 wa kamudzi kena ka ku Scotland. Anamupezadi Purdie uja, mzungu amene anabereka agogo ake aamuna ku Thyolo n'kubwerera kwawo.

Bambo wa mzunguyo anali waganyu wa m'minda, ndipo anthu asanu ndi atatu ankapanikizana m'zipinda ziwiri. Atafunsidwa za ana pa kalemberayo, Purdie, mzungu uja, anati alibe. Chaka chimenecho agogo anali ndi zaka zinayi.

Foni inalira. Anali bambo ake a Jenifer, kuchokera ku Thyolo.

"Wawapeza abale athuwo? Ndi mafumu, eti? Uwalembere, adziwe kuti tilipo."

"Anali aganyu, Adadi," anatero Jenifer. "Ndipo za ife anafunsidwa kale."