Matiresi Padzuwa

"Dzukani, bambo a Lois. Mwachitanso."

Awa ndiwo mawu amene ankadzutsa a Hezron Harawa m'mawa uliwonse. Akapapasa pansi pa chiuno, zoonadi: kabudula wonyowa, nsalu yonyowa, pabedi pali chithaphwi chofunda. Akazi awo, mayi Dinah, sankanyinyirika. Ankangosenza matiresi n'kukayanika kumaso kwa nyumba, ati kuseri kuli mthunzi wa mango. Aliyense wopita kumsika wa Mhuju ankadutsa pomwepo, ndipo anthu a m'chigwa cha Henga si akhungu.

Panali patatha miyezi iwiri chiwachitireni opaleshoni ya chotupa chija chimatsekera abambo mkodzo akamakula. Kapaipi ka mkodzo anawachotsa, chilonda chinapola. Masana ankadzigwira bwinobwino. Koma tulo! Mapiritsi ankawagonetsa ngati chipika, ndipo adokotala anangoti ena zimawatengera nthawi. Fungo sankalimva, poti fodya wa mphuno amene ankakoka mobisa, pokhala mkulu wa mpingo, anali atawapha mphuno kalekale. Komabe ankadziwa kuti anzawo mphuno zawo n'zamoyo.

Munthu woti anakhala hedimasitala zaka makumi atatu, wokwapula ana a eni chifukwa cha mamina, lero n'kumabisala kuchipinda amayi a kutchalitchi akabwera kudzamupempherera! Zimenezi zinkawawa kuposa mpeni wa dokotala.

Ndiye panali ukwati. Lois, mwana wawo mmodzi yekhayo, ankakwatiwa Loweruka ku Mzuzu, ndipo makolo a mkwati anali atakonza chipinda choti a Harawa ndi akazi awo akagonemo masiku awiri. Suti inali itasitidwa kale. Mawu okalankhula anadzaza mapepala anayi, Chitumbuka, Chichewa ndi Chingelezi chomwe. Mumtima anapangana ndi Mulungu: ndikangodzuka pouma kamodzi kokha, ndipita. Anasiya tiyi wa madzulo. Dzuwa likapendeka sankalawa n'dontho la madzi lomwe. Anagwada mpaka mawondo kuwawa.

Lachisanu m'mawa: "Mwachitanso, bambo."

A Harawa anakhala m'mphepete mwa bedi, mutu uli pansi.

"Ine ndikanyowetse bedi la eni ake ku Mzuzu? Ayi, mama. Suti iyo mumupatse Overton, mng'ono wanga akampereke mwanayo. Anthu akafunsa mukati BP yakwera."

"Monga mwanenera, bambo."

Anawayang'ana akazi awo akupinda zovala, misozi n'kulengeza. Mkazi ndi uyu, enawa ndi operekeza. Pajatu Lois atabadwa, mayiyu anavulala pobereka, mkodzo n'kumangodontha wokha chaka chathunthu. Masiku amenewo mphuno za a Harawa zinali zakuthwa. Anamusamutsira kukhitchini kuti azigona pachiguduli, ndipo tsiku la ubatizo wa mwanayo anamusiya pakhomo, ati angachititse manyazi banja la aphunzitsi. Mayiyo anali mwana wa eni wochokera ku Ntchisi, wopanda mbale pafupi. Ndiye taonani lero, akuwachapira nsalu tsiku ndi tsiku osaitchula nkhaniyo n'kamodzi komwe. Manyazi anawagwira a Harawa, koma kupepesa sikunali m'chizolowezi chawo.

"Yewo chomene, mama," anangotero. "Mulungu anandipatsa mkazi."

Mayi Dinah anakwera minibasi ya masana.

Popanda wowadzutsa, Loweruka a Harawa anatsegula maso dzuwa litakwera kale. Anapapasa pansi pa chiuno. Pouma! Anapapasanso bedi lonse ngati munthu wataya singano. Pouma gwa. Anathamangira pa wotchi: kota pasiti leveni. Foni inalira, anali Overton, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka nthungululu.

"Ŵakulu, mwana tampereka. Amangocheuka kukhomo, kuyesa mwina mutulukira. Walira chomene."

A Harawa anakhala pansi pasimenti, mapepala anayi aja ali m'manja, n'kulira ngati mwana. Kuchira n'kwabwino, koma nanga Mulungu akanawachiritsa dzulo chikanavuta n'chiyani?

Lamulungu anadzukanso pouma. Mtima unayamba kutsika. Anasesa pakhomo, anameta ndevu, anakhala pakhonde poyera kupereka moni kwa odutsa. Akazi awo atangotulukira ndi chikwama pamutu, anawathamangira ngati mnyamata.

"Mama, ndachira! Masiku awiri, n'dontho lomwe!"

Mayi Dinah anatula chikwama, anamasula duku, n'kukhala pampando.

"Munachira kalekale, bambo a Lois, sabata yomwe anakuchotsani kapaipi," anatero mofatsa. "Enawo anali madzi a m'ketulo. Ndinkayamba ndawafunditsa, kuopa mungadzidzimuke."