Chitenje cha Sellina

Kuchigwa kunatentha chaka chimenecho moti atsikana a kuhositelo ankagona atafunda zitenje zonyowa. Atatuluka m'kalasi madzulo, Sellina anapempha mnzake Jesinta kuti akamunyowetsere chake kumjigo wa kuseri kwa khitchini.

Jesinta anapezako mtsikana wachilendo akupopa, atavala yunifomu imene sukuluyo inasiya kalekale. Madzi ankatuluka ndithu, koma mjigowo sunkalira.

"Ndi cha Sellina chimenecho?" anafunsa mtsikanayo osatembenuka. "Anandilonjeza kuti atumiza wina m'malo mwake."

Jesinta anacheuka. Pakhomo pa hositelo panali pataima Sellina, yemwe ankadyera naye mbale imodzi chiyambire Fomu 1. Anayang'anizana kwa kanthawi. Kenako Sellina anakankha chitseko pang'onopang'ono n'kuikapo mpiringidzo.